Musagumule Chulu cha Amayi

Chilomoni, Blantyre
Ogasiti 2024

Achimwene a Hamadi,

Asalamu alaikumu. Kaya muli bwanji ku Ngokweko, inu, alamu anga ndi ana? Nanga mawondo a amayi akuwalola kuyenda? Ine kuno ndili bwino, Alihamudulila. Kalatayi ndapatsira a Sitima a minibasi ya ku Ntaja, chifukwa pafoni timangopatsana moni basi, iyo n'kuduka.

Ndiyambe ndi nkhani yabwino. Ntchito ija yothamangira madandaulo a mu ofesi ndatsanzikana nayo. Zaka zonsezi ndakhala ndikulimbana ndi mapulinta otsamwa mapepala ndi anthu oiwala pasiwedi. Wina anandiitanapo mwaukali kuti kompyuta yafa, kupita ine ndikupeza sanayatse pakhoma. Mayeso aja ndakhoza, ndipo andisamutsira ku gulu la netiweki. Tsopano ndiziyala mawaya, kulumikiza maofesi ndi kukwera nsanja za foni. Abwana anandifunsa ngati sindiopa pamwamba. Ndinawayankha kuti ndinakulira pa chulu, iwo anangoseka osadziwa kuti ndikunena zoona.

Vuto lake n'lakuti akuyamba anditumiza ku Karonga kukaphunzira kwa akatswiri, ndipo tchuthi sindichiona mpaka chaka chamawa. Kumudzi sindifika msanga.

Pempho langa lagona pamenepo. Mng'ono wanga Nafisa wandiuza kuti mukufuna kugumula chulu cha kuseri kwa nyumba kuti muumbe njerwa zogulitsa. Sindikukudzudzulani ayi. Ndikudziwa kuti m'munda simunatuluke kanthu chaka chino, ndipo ana sadziwa kuti kunja kwaipa, amangofuna kudya.

Koma mukuikumbukira njala ya 2002? Tinkagonera mango osakhwima owiritsa mpaka mano kuyayamira. Mvula itagwa, chulu chimenecho ndicho chinatisunga. Inu munkanyamula muuni wa udzu, ine beseni, ngumbi zikutuluka ngati sizidzatha. Malemu bambo ankati imeneyo ndi nkhokwe yosalowa anankafumbwe. Inu munkandibera zokazinga kale n'kumanamizira nkhuku, musaganize kuti ndinaiwala. Masiku amenewo anali owawa, koma ndimawasowa, chifukwa tinali tonse pakhomo pamodzi.

Lero chulu chomwecho ndi malo okhawo amene foni ya amayi imagwira netiweki ya kuno ku Malawi. Akangotsika imagwira ya ku Mozambiki, mayunitsi n'kutha asananene kanthu. Sabata yatha anandiimbira ali pamwamba pomwepo, wefuwefu akumveka. Anati poti tsopano ndine wa netiweki, ndiwauze anzanga aisendezereko pakhonde, mawondo atopa. Ndinaseka, koma nditadula ndinalira. Ndikupita kukalumikiza maofesi a anthu osawadziwa, pamene amayi anga akukwawa pa chulu kuti amve mawu anga. Mphamvu yoimika nsanja kwathu ndilibe, ndine wophunzira chabe. Mukachigumula, ine ndi amayi tasiyana mpaka chaka chamawa, ndipo ndi mmene akufookeramu ndikuopa.

Dothi la njerwa kakumbeni kudambo, pa kamunda kanga kaja, ndakupatsani ndi mtima umodzi. N'kutali pang'ono, koma wilibala ya a Bakari a kumsika mukhoza kubwereka. Khasu limene munanolera chulu lija musemere masitepe, mbali ya kumthunzi, kuti amayi azikwera osagwira pansi.

Mundiperekere moni kwa alamu, amalume a ku Ulongwe, Nafisa ndi ana onse. Amayi muwauze kuti Lachisanu likubwerali, anthu akamatuluka ku mapemphero a Juma, akwere pa chulu kuti ndidzawaimbire. Ine ndidzakhala pa nsanja yanga, iwo pa yawo.

Allah akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Sharifa