Mutu wa gwape wa a Ronald uli m'firiji mwanga

Aphungu,

Nkhani yangayi ena akaimva amaseka, koma ine yandifika pakhosi. M'firiji mwanga muli mutu wa gwape. Sindikunena firiji ya mkaka ayi, koma yaikulu ija youmitsa nyama, imene ndinagula ndi thukuta langa kuti ndizisungamo nkhuku ndi nsomba. Mutuwo uli ndi khosi lake, chikopa cha m'mapewa ndi nyanga zotambalala moti chivundikiro sichitsekeka bwino, ndachita kusanjikapo thumba la ufa. Papita miyezi. Ndikati nditenge ndiwo, ndimayamba ndapereka moni kwa nyama.

Chiyambi chake ndi ichi. Amuna anga a Gray amagwira ntchito yosamalira okalamba, monga ambirife kuno ku Coventry. Amasamalira bambo wina wachizungu, a Ronald, kumudzi wina kuseri kwa Nuneaton. Madalawa moyo wawo wonse ankasaka agwape m'nkhalango za eni minda, koma tsopano mtima wawo wafooka ndipo amayendera njinga ya olumala. Mwana wawo anakonza zoti akasakeko komaliza, ndipo a Gray anapita nawo kuti azikawakankha. Anawakhazika pobisalira, gwape wamphongo anatulukira, madala anawomba kamodzi kokha, nyama n'kugwa.

Apa ndi pamene amuna anga anaonetsa kuti anakulira ku Ntchisi. Popanda wowatuma, anathamanga ndi mpeni n'kukazinga nyamayo pakhosi, kuchokera khutu ili mpaka khutu ilo, kuti magazi atuluke monga timachitira ndi mbuzi kwathu. Anabwerera akumwetulira, akudikira kuthokozedwa. Anapeza bambo ndi mwana wake atangoti kukamwa yasa. Nanga ife tikanadziwa bwanji kuti kuno mutu wa gwape saphika? Amaupereka kwa mmisiri, iye amasenda chikopa, kuchifufuta, kuchiveka pa chikombole chooneka ngati mutu wa nyamayo, kuika maso agalasi, kenako amaukoloweka pakhoma ngati wamoyo. Ndipo pamene amapasamala koposa ndi pakhosi pomwepo.

A Ronald sanakalipe. Anangoti, “Palibe kanthu, Gray.” Manyazi atawagwira, amuna anga analonjeza pamaso pa onse kuti mutuwo akaukonzetsa okha ndi ndalama zawo. Zawo ziti, Aphungu? Ndi zathu zimenezo. Ine sanandifunse, ndinangoona thumba lakuda likulowa pakhomo, nyanga zili patsogolo.

Amisiri tapeza awiri. Woyamba ndi mayi wina dzina lake Rose, ali ndi malo ake ogwirira ntchito kunja kwa tauni. Tinapita nawo mutuwo. Anamasula thumba, anavala magalasi, anatembenuza khosi, n'kufunsa kuti, “Wachita izi ndani?” A Gray anayang'ana pansi ngati mwana wasukulu. Mayiyo anafunsanso kuti nyamayi inakhala nthawi yaitali bwanji isanalowe m'firiji, ngati tinaithira mchere, ngati inasungunukapo. Anati balalo angathe kulisoka kuti lisamaoneke kwenikweni, koma salonjeza mpaka ataona chikopa chitafufutidwa. Mtengo mapaundi 600, kudikira miyezi isanu ndi inayi kapena kuposerapo chifukwa pali mzere. Amuna anga anayesa kunenerera ngati ali pamsika wa Lizulu, mayiyo anangowayang'ana pamwamba pa magalasi mpaka anasiya okha. Tinaunyamula mutu wathu n'kubwera nawo.

Wachiwiri ndi mkulu wina dzina lake Kai, amene a Gray anamupeza pa foni. Amagwirira m'galaja kuseri kwa Foleshill Road. Ameneyu thumba sanalimasule n'komwe. Analikweza m'manja ngati akuyeza kabichi, n'kuti palibe vuto, masabata atatu, mapaundi 180. Ine maso anali pakhoma. Panali nkhandwe yooneka ngati galu amene wangouzidwa za maliro, ndi gwape wina amene diso limodzi linkayang'ana ku Birmingham, linalo ku Nuneaton. Fungo la m'menemo linanditsatira mpaka m'galimoto.

Mnzanga Jenifer wa ku Chipata ndinamufotokozera ndikuyesa andithandiza maganizo. Anaseka mpaka misozi, n'kuti, “Mutu wabwinobwino mukuusungira khoma? Bweretsani ku get-together ya church tiuphike ndi tsabola.” Ndiwo malangizo okhawo amene ndalandira mpaka lero.

A Gray akufuna Kai. Akuti, “Mayi a Tiwa, mzimayi uja ndi rude, komanso nine months? Madala aja afikako? Madokotala anauza kale family kuti izikonzekera.” Apa pokha ndi pamene amanditseka pakamwa, chifukwa n'zoona. A Ronald agonekedwa kawiri kuchipatala cha Walsgrave chaka chino chokha. M'mawa uliwonse amafunsa kuti gwape wawo ali pati, ndipo anachotsetsa kale chithunzi pakhoma loyang'anana ndi bedi lawo kuti malo akhale okonzeka. Amuna anga amangoyankha kuti akukonzedwa, chonsecho ali pansi pa thumba langa la ufa.

Ine ndatopa, Aphungu. Mtima wina ukuti tingopereka kwa wotchipayo, zotsalazo zipite ku lendi, firiji yanga ibwerere. Mtima wina ukuti tingamupatse bwanji munthu wodwala chidole cha maso osemphana? Koma tikasankha wodulayo, madala n'kutisiya asanamuone gwape wawo, a Gray sadzadzikhululukira, ndipo ndine ndidzamve nyimbo imeneyo moyo wanga wonse. Tichite chiyani?

F.N., Coventry.

Mayi F.N.,

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, koyamba ndikuseka, kachiwiri ndikupukusa mutu. Za mpeni zija a Gray ndawakhululukira, anachita zimene manja awo anaphunzira kwawo. Chimene chandikwiyitsa ndi miyezi imene mwataya nonse awiri. Mukudandaula kuti miyezi isanu ndi inayi ndi yambiri, chonsecho ina mwaidya kale mukukangana pamwamba pa firiji yosatsekeka. Mukanausiya mutuwo kwa Rose tsiku lomwe munakamuonetsa, bwenzi pano muli pakati pa mzere. Pakadafunda padajiwitsa galu, mayi.

Tiyambe ndi Kai. Amuna anu sakumufuna chifukwa cha mtengo kapena changu ayi. Akumufuna chifukwa ndi yekhayo amene sanawafunse za khosi. Auzeni zimenezi mwaulemu koma mosazungulira. Munthu amene watchula mtengo asanamasule thumba sakudziwa ntchito imene akuvomera, kapena akuidziwa koma alibe nazo kanthu. Masabata atatu ndi ochepa kuti chikopa chifufutidwe bwinobwino n'kuuma pa chikombole. Othamanga otere kawirikawiri amangowaza mankhwala aufa n'kusoka, ndipo nyumba zotenthetsedwa za kunozi zimaulula msanga. Makutu amapindika, milomo imang'aluka, ubweya umayoyoka, fungo n'kudzaza chipinda cha wodwala. Kumbukiraninso kuti a Ronald aona agwape amoyo kuposa mmene inu mwaonera nkhuku. Inu diso lagalasi lingakupusitseni, iwo ayi. Ndipo gwape ameneyu alibe mnzake. Kai akamuwononga, madala sadzapitanso kutchire kukawomba wina.

Rose anakutsinani khutu, ndipo wakutsina khutu ndi mnansi. Mafunso ake aja, ngakhale anawawa, ndi amene mukulipira. Kukana kwake kulonjeza kusakuopseni, mmisiri wodziwa ntchito salumbira pa chikopa chimene sanachigwire. Sindikuti wodula aliyense ndi katswiri, alipo odula opanda kanthu. Choncho mukabwerera kwa iye mupemphe kuona ntchito imene anaigwira zaka zapitazo, osati ya dzulo. Yang'anani m'mbali mwa maso, m'mphuno ndi m'mphepete mwa makutu, ndipo musachite manyazi kununkhiza. Zonenerera zija muzisiye, m'malo mwake mufunse ngati amalola kulipira pang'onopang'ono. Ambiri amatenga gawo poyamba, zotsala ntchito ikatha, ndiye lendi yanu siikhudzidwa.

Koma musanapite kumeneko, a Gray ayambe aulula. Auze mwana wa a Ronald kuti mutu sunapite kulikonse, adziwitsenso abwana awo kuntchito za lonjezo limeneli. Makampani ambiri osamalira okalamba ali ndi malamulo pa nkhani ya mphatso pakati pa wantchito ndi wosamalidwa, ndipo inu mukudziwa kuposa ine kuti chitupa chokhalira kuno chimatsamira pa ntchitoyo. Mwina mwanayo adzafuna kusonkhako. Akatero, amuna anu asadzikuze, alandire ndi manja awiri.

Kenako mukamuuze Rose zimene simunamuuze ulendo woyamba, kuti mwini gwape akudwala ndipo nthawi yake yachepa. Munapita kukafunsa mtengo ngati anthu ogula sofa, iye akanadziwa bwanji? Yambiri mwa miyezi imene anatchula ndi ya pamzere, si ya ntchito yeniyeniyo, ndipo mzere amaukonza ndi munthu, angathe kuusintha. Sindikulonjeza kuti avomera. Mumufunsenso ichi. Poyamba ntchito mmisiri amachotsa nyanga n'kuziyeretsa, ndipo sazifunanso mpaka chikopa chitakonzeka. Ngati angalole, nyangazo zipite kwa a Ronald m'masabata oyambirira omwewo. Mlenje amaidziwa nyama yake ndi nyanga. Azizigwira, azionetsa alendo, zinazo zikukonzedwa ndi munthu wodziwa.

Chenjezo langa ndi ili. Chivundikiro chosatsekekacho chikuwononga makutu ndi mphuno tsiku ndi tsiku, ndipo mutuwo ukangosungunuka ubweya udzayoyoka, ngakhale Rose sadzaubwezeretsa. Musauthire mchere, musauyanike, musayese nzeru ina iliyonse ya kwathu, imodzi ija inakwana. Unyamuleni sabata ino. Ndipo a Gray aleke kuuza munthu wodwala kuti gwape akukonzedwa pamene sakukonzedwa. Kudikira a Ronald angapirire, ndi ntchito imene alenje amaidziwa bwino. Chimene sangapirire ndi kuzindikira, masiku atawathera, kuti munthu amene ankamudalira pa chilichonse ankawanamiza.

Aphungu.