Kompyuta ya Majidi Yokana Kuzima

Lolemba, 9 Juni

Yandiputanso. Kompyuta ya Linux ya Majidi imeneyi! Ndati zima, iyo ikuti "A stop job is running", n'kumawerenga masekondi ngati ine ndilibe chochita. Makala akungopsa pambaula. Ndazula pulagi pakhoma, basi.

Sadaka ya amayi ndi Lamlungu. Azakhali akufuna tidzaonetse vidiyo ija amayi akuimba pachinkhoswe cha mwana wawo Ruqayya, anthu adzamve mawu awo. Ili m'kompyuta momwemu mokha. Foni imene tinajambulira inabedwa kalekale m'minibasi.

Lachiwiri, 10 Juni

Yakana kutsegula. Sikirini bii, tizilembo toyera. "Emergency mode." Ikufuna pasiwedi ya root. Ndayesa dzina la amayi, la bambo, ngakhale Maule. Palibe.

Woidziwa ndi mmodzi, Majidi, mlongo wanga wamng'ono, mwini kompyutayi, uko ku Joni. Sindimuimbira. Pamaliro sanabwere, foni anaimba patapita masiku atatu, ine osayankha. Ndiye ndiyambe ine kumupempha? Ayi ndithu.

Lachinayi, 12 Juni

Ndaisenza pamutu mpaka kumsika wa Chilomoni, kwa Gregorio wokonza mafoni. Khosi likuwawa mpaka pano. Wayang'ana, wakanda mutu. "Sisi, tingoifomata, tiikemo Windows." Ndinatsala pang'ono kumugenda ndi kiyibodi. Afufute amayi anga?

Ataona nkhope yanga wafufuza pafoni n'kundilembera papepala. Akuti single user mode, khomo lakuseri. Poyatsa ugwire Shift, udine e, kumapeto kwa mzere woyamba ndi linux uwonjezere init=/bin/bash, kenako F10. Ukalowa, fsck -y ikonze diski. Kumsika kunalibe magetsi, ndiye ndikayese ndekha. Akuti chawononga n'kuzula pulagi kuja. Ndamuuza kuti sindinabwerere ulaliki. Chondinyansa n'chakuti akunena zoona.

Lachisanu, 13 Juni, 1:20 masana

Ndalowa, popanda pasiwedi! Zilembo zathamanga mphindi khumi, ine mtima uli m'mwamba. Ndalemba ls m'foda ya mavidiyo. Amayi alimo. Ndalira ndekha ngati mwana.

Ndiye ndati lero ndizime mwaulemu. shutdown now. Yakana. reboot. Yakana. Kulowa kwatheka, kutuluka ayi. Papepala palibe zotulukira. Foni ya Gregorio siikupezeka, chitsiru chimenechi. Magetsi sabata ino akumazima 2 koloko. Akazima ili chonchi, mwina ndiye kutaya zonse.

Dzanja lapita lokha papulagi. Ndalibweza.

Lachisanu lomwelo, madzulo

Ndinamuimbira Majidi. Anali akutuluka kumene kumzikiti. Sanafunse za mkwiyo wanga. "Achemwali, lembani sync, mudikire, kenako poweroff -f." Inazima phee. Nditayatsa, inatsegula bwinobwino ngati sinandizunze sabata yonse. Vidiyo ndinaikopera pafulashi msangamsanga.

Ndinafuna kudula foni. Iye: "Musadule. Taiyatsani vidiyoyo, muike foni pafupi ndi sipika."

Amayi anayamba kuimba. Kenako ndinamva Majidi akufwenthera. Akuti tsiku la maliro anali m'chitokosi chifukwa cha mapepala, anatuluka amayi ataikidwa kale. Ananditumizira uthenga, ine sindinautsegule. Ulipobe pafonipa.

Nthawi inali 1:52. Ndinadina kuzima. "A stop job is running" ija inabweranso, masekondi 90. Pulagi ili pomwepo. Tinawadikira onse, foni ili kukhutu, palibe wodula.