Malaya a Mkono Umodzi Akadali pa Msomali

Amayi, lero zakwana zaka zisanu ndi chimodzi chitisiyireni. Munamwalira Lachiwiri, pa 11 Juni 2019, nthawi itangopitirira 10 koloko m'mawa, mutadwala mtima masiku asanu ndi anayi. Munali ndi zaka 63, ndipo 41 mwa zimenezo munali telala. Munatisiyira makina awiri osokera, tepi yofufutika manambala oyambirira, ndi malaya obiriwira osamaliza, amene mwini wake tikumufunabe mpaka lero.

Makasitomala ankakutchani a Mubwerenso, ndipo dzinalo munkaliyankha ndi mtima wonse. Diresi laukwati munkalimaliza masiku anayi, koma panali malaya ena wamba amene ankatha milungu isanu ndi umodzi ali pa msomali, mkono umodzi utangogwidwa ndi mapini. Bambo ankati nkhono ataipatsa singano ikhoza kukusiyani m'mbuyo. Inu munkaseka mapini ali pakamwa, n'kuwakumbutsa kuti iwowo batani limodzi la jekete linawatengera chaka chonse cha 1994. Ife ana tinkaikira kumbuyo Bambo. Tinkati ndi ukalamba wayamba.

Zoona zake tinazidziwa pa maliro anu, pamene panabwera anthu 17 amene sitinkawadziwa, aliyense atavala chosoka chanu. Telala amayeza mkono kuchokera paphewa mpaka padzanja, ndiye amaona zimene ena saona. Mukaona zipsera za munthu wodzivulaza yekha, simunkadzidzimuka, simunkafunsa pagulu. Munkalemba muyeso pakapepala kopanda dzina, n'kumuuza kuti mkonowu ndi wovuta, abwerenso Lachitatu masana adzayese. Masana a Lachitatu shopu inkakhala ya anthu amenewa okha. Munkawapatsa mpando wa pazenera, tiyi, ndi chitini cha mabatani kuti azikusankhirani, poti munkati pakamwa pamatseguka bwino manja akakhala ndi chochita. Ena ankayamba kulankhula mlungu wachiwiri, ena wachisanu. Akalankhula, munkakhoma shopu n'kuwaperekeza kuchipatala kwa namwino wina woona za maganizo, mukunena kuti inu mumatha nsalu basi, ntchito inayo ili ndi eni ake. Mkono uja munkausoka munthuyo akapitako kachiwiri.

Nzeru imeneyi simunabadwe nayo, ndipo simunkabisa. Mwana wanu womaliza watilola kulemba izi. Mu 2008, ali ndi zaka 16, munaona mikono yake n'kumukalipira mpaka a nyumba yoyandikana anatuluka panja. Anatha miyezi inayi akukuyankhani ndi mutu wokha. Anamwino aja ndi amene anakuuzani kuti kukalipa kumangophunzitsa mwana kubisa bwino. Munagogoda pachitseko cha chipinda chake n'kupepesa, ndipo munkati kuika zipi pa nsalu yoterera n'kosavuta poyerekeza ndi tsiku limenelo. Lero iyeyo ndi amene akuyendetsa shopu. Ali ndi zaka 33 ndi ana awiri, amakaonana ndi mlangizi wake miyezi itatu iliyonse, ndipo kukatentha amavala malaya a manja aafupi. Masiku olemera amamufikabe, koma tsopano amanena. Lachitatu sanalithetse. Anamwino aja anapuma ntchito, ndiye Lachitatu lililonse amabwera kudzakhala naye pashopu, ndipo amathira masupuni anayi a shuga mu tiyi poti palibenso wowalanda supuni.

Bambo akukusowani, ngakhale amati chimene akusowa ndi munthu wokangana naye. Mabatani amasoka okha tsopano, ndipo amakhota onse. Amalume amaimabe pakhomo la shopu n'kukuwa kuti mlongo wawo ali kuti, kenako n'kukumbuka. Mpongozi wanu amadulabe nsalu mmene munamuphunzitsira, kuyeza kawiri asanagwire sizasi. Zidzukulu zakwana zisanu. Wamng'ono anabadwa mutapita kale, amakudziwirani pa chithunzi chili pamwambachi, ndipo amakhulupirira kuti tepi ya m'khosiyo munabadwa nayo.

Tsono malaya obiriwira aja. Pakapepala kake pali tsiku la 29 Meyi 2019 ndi miyeso isanu, dzina palibe. Mwini wake anayenera kubwera pa 5 Juni, koma tsikulo munali kuchipatala ndipo pachitseko panali loko. Sitikudziwa ngati anabwera, ngati anaima pakhonde kudikira, kapena ngati anapeza wina womumvera. Tinafunsa anthu 17 aja mmodzimmodzi, ndipo si a aliyense wa iwo. Mpongozi wanu anafunapo kumaliza mkonowo kuti malaya asamaoneke amasiye, koma mwana wanu womaliza uja anakana, anati lamulo la Amayi silinasinthe.

Lolemba, pa 19 Meyi chaka chino, munthu wina anaimba foni ya kushopu n'kufunsa ngati malaya obiriwira a mkono umodzi akadalipo. Mwana wanu anayankha kuti alipo, ndipo Lachitatu masana mpando wa pazenera umakhala wopanda munthu mpaka mwini wake afike. Munthuyo anathokoza n'kudula. Dzina sanatchule, ndipo sanafunsidwe. Padutsa Lachitatu katatu, sanaonekere. Lero ndi lachinayi lake. Malaya asitidwa, mapini asinthidwa poti akalewo anachita dzimbiri, ndipo shopu itsegulidwa 1 koloko.

Kukuiwalani, Amayi, sitingathe.

Ndife amuna anu, ana anu, mlongo wanu, mpongozi ndi zidzukulu.