Mayiki a Ninang Coring

Lachiwiri, 3 Disembala

Kwatsala masiku khumi ndi atatu kuti Misa zisanu ndi zinayi za m'bandakucha zokonzekera kubadwa kwa Ambuye ziyambe, koma kwaya yanga ikadali mbwerekete. Abambo a besi abwera atatu okha. Enawo akuti ali kalikiliki kumanga nyenyezi za nsungwi zopachika pakhonde. Ndiye nyenyezizo ndi zimene zidzaimbe?

Izo n'zazing'ono. Titaweruka, Bambo Dindo, ansembe athu atsopanowa, anandiitanira pambali, akunditchula mwaulemu kuti Ate, ndiye kuti achemwali. "Ate Medy, nyimbo ya Maria chaka chino aimbe mtsikana uja Maricris. Agogo aja apume. Muwauze bwinobwino, paja ndinu mwana wawo." Basi, n'kukwera njinga yawo, ulendo.

Ndiwauze ine? Agogowo ndi Ninang Coring, amene anandinyamula pa ubatizo. Nyimboyo anapeka ndi malemu amuna awo, ndipo akhala akuiimba okha pa Misa yoyamba kwa zaka makumi anayi. N'zoona mawu anatha, akafika pamwamba paja amangolira ngati chitseko cha dzimbiri. Makutu nawo ayamba kugontha. Ndikudziwa. Koma zituluke pakamwa panga pano?

Lachisanu, 6 Disembala

Ndinapita kwawo nditakonzeka. Ndinatenga dzanja lawo n'kuligunditsa pachipumi panga monga mwa masiku onse, iwo n'kundidalitsa. Ndinawapeza akusenda jinja, wodzaza lichero, wa tiyi amene amaphikira kwaya m'bandakucha uliwonse wa Misazi.

"Chiyambire Novembala sindinamwe madzi ozizira," amvekere. "Ndikusunga khosi. Wabwerera chiyani?"

"Ndimangodutsa, Ninang."

Ndinadya mpunga ndi nsomba mbale ziwiri n'kubwerako. Chitsiru ine.

Lamlungu, 8 Disembala

Bambo: "Mwawauza?" Ine: "Zili m'njira, Bambo." Bodza, pakhomo pa tchalitchi penipeni.

Lachitatu, 11 Disembala

Maricris akuti saimba ngati agogo sanavomere, akuopa kuti anthu amunena. Bambo akuti Misa idzaulutsidwa pa foni kuti ana a parishi amene ali ku Dubai aonere, ndiye sakufuna zochititsa manyazi. Aliyense ali ndi chimene sakufuna, koma wouza ndine. Zandikwana!

Mang Ambo, mkulu amene amayang'anira zokuzira mawu, ndiye wabwera ndi nzeru. "Mavuto ake ati? Apatseni mayiki osalumikiza. Agogo aziimba kutsogolo, mtsikanayo aziimba kuseri kwa chipilala ndi mayiki enieni. Iwo osamva aja adziwa bwanji?"

Ndinamukalipira kuti alibe ulemu. Kenako ndinamufunsa ngati chingwe chotsala chilipo.

Poti Ambo ndi woiwalaiwala, ndamata kapepala kumapeto kwa chingwecho: CORING, OSALUMIKIZA. Ndalemba ndekha.

Lachisanu, 13 Disembala

Zatheka, ndipo ndikanakonda zikanakanika. Ninang anaimirira ndi mayiki awo, maso ali chotsinzina. Mawu a Maricris anadzaza tchalitchi chonse mpaka amayi okolopa anasiya ntchito. Kwaya yonse maso pansi, wina osayang'ana mnzake.

Potuluka Ninang anandikoka mkono, nkhope ili ngwee. "Wamva, Medy? Mawu abwerera! Ndinakuuza, nkhani ndi madzi ozizira."

Ndinavomera ndi mutu. Chakudya chamadzulo chandikanika.

Loweruka, 14 Disembala

Mayo ine.

Kuyeserera komaliza. Ninang anafika msanga, ife tikadali panja kulimbana ndi abambo a besi, amene lero abwera onse koma osadziwa ndime yachiwiri. Ninang ali ndi chizolowezi chogogoda mayiki ndi chala. Anagogoda, zii. Anaganiza kuti chingwe chazuka, ndiye anayamba kuchitsata, atawerama ndi msana wawo uja, kuti atithandize.

Pamene ndinkalowa n'kuti ali chiimire kuseri kwa benchi, nsonga ya chingwe ili m'manja, magalasi ali pamphuno. Kulemba kwa pa kapepala kaja akukudziwa. Ndi iwo anandiphunzitsa kugwira pensulo.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anakulunga chingwecho bwinobwino, n'kuchiika pa limba, n'kutenga ambulera wawo. Nditatambasula dzanja kuti ndigwire lawo, analibweza kumbuyo. Anthu makumi atatu akuona.

Ambo amvekere, "Inunso, kapepala kanali kachiyani?" Ndikanamuponyera buku la nyimbo.

Lolemba, 16 Disembala

Misa yoyamba, hafu pasiti folo m'bandakucha. Tchalitchi chodzaza mpaka panja, fungo la bibingka, chikondamoyo cha mpunga chija, likulowera pa zenera. Pampando wa Ninang palibe munthu. Pa sitepe pomwe pamakhala fulasiki yawo yaikulu yobiriwira palibe kanthu.

Maricris waimba bwino, ngakhale mpweya unamuthera pa mzere wautali uja n'kuudula pakati. Ndikuona ngati palibe wazindikira kupatula ine. Bambo akuti, "Mwaona? Zosavuta." Ndinangowayang'ana, poti ndi ansembe.

Masana ndinapita kwa Ninang. Ndagogoda mpaka chala kuwawa, wailesi ikulira m'kati.

Lachitatu, 18 Disembala

Theka la kwaya mawu asasa. Ndinaphika tiyi wa jinja ndekha, akuti akukoma ngati madzi otsukira mbale. Phikani wanu!

Amayi ogulitsa bibingka andiuza kuti Ninang akumayenda wapansi kupita ku tchalitchi cha kutsidya kwa mlatho. Chibadwire sanajombepo pa Misa zisanu ndi zinayizi, ndiye sangajombe chifukwa cha ine. Zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zisanu ndi zitatu, mumdima, pa msewu wa malole uja. "Dzulo anapunthwa pa mlatho," anatero mayiwo, akundiyang'ana ngati ndinawakankha ndine.

Kunena zoona, ndine.

Lachinayi, 19 Disembala

Ndauza Ambo kuti mawa ndikachedwa ayambe okha. Akuti ndani aziimbitsa. Ndati aimbitse iyeyo, paja nzeru n'zake.

Lachisanu, 20 Disembala

Atambala asanalire ndinali kale pa geti la Ninang. Anatuluka ndi tochi, bondo lomanga nsalu. Atandiunika kumaso sanadabwe.

Ndinalankhula mokweza, poti pang'onopang'ono sakanamva, mpaka galu wa oyandikana nawo anayamba kuuwa. "Ninang, mawu anu anatha! Bambo anandituma kuti ndikuuzeni, ine ndinaopa. Ndalakwa."

Anazimitsa tochi.

"Ukuyesa sindidziwa? Khosi ndi langa ili. Zaka zitatu ndakhala ndikudikira kuti wina andiuze, ndipo ndimati adzakhala iwe." Anapumira kaye. "Koma Lachisanu lija ndinakhulupirira, Medy. Ndinafika kuno n'kuyatsa kandulo pa chithunzi cha amuna anga, kuwauza kuti mawu abwerera. Nkhalamba yonse ine, kuthokoza Mulungu chifukwa cha mawu a mwana wa eni."

Ndinangolira ngati mwana, pamsewu.

Analowanso m'nyumba. Ndinati basi, zatha. Koma anatuluka ndi fulasiki yobiriwira ija, yotentha, n'kundisenzetsa. Kodi masiku onsewa amaphikabe? Sindinafunse. Pamwamba pake anaikapo pepala lachikasu, lothetheka m'mopinda, nyimboyo m'kulemba kwa malemu.

"Ndamva kuti mtsikana wako akudula mzere wautali pakati. Apume pamene pali kamtanda kofiira apo, osati pomwe wafunira. Ubwere naye masana."

Ndinaika fulasiki pansi, n'kutambasula dzanja. Analiyang'ana.

"Ayi, lero ayi. Nyamula tiyi, azizira."

Tinanyamuka. Pa mphambano sanakhotere ku mlatho. Belu lachiwiri linali likulira, ndipo ndinamva Ambo akuyambitsa nyimbo yolowera mothamanga ngati akuthawa mvula.

"Akuononga," anatero Ninang. "Fulumira."

Pa masitepe a tchalitchi bondo linawavuta, ndipo anandigwira pa chigongono.