Mimba ya Agnesi Yamasuka

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Ife kuno ku Ntaja tili bwino. Ndiyambe ndi za kumudzi kwa Nsamala. Akazi awo a achimwene aPetulo anachira mwezi wathawu, mwana wamwamuna wonenepa bwino. Nandolo wa m'munda wanu wa kuseri kwa tchalitchi wabereka chaka chino mpaka nthambi kugunda pansi. Mbuzi yanu yopanda nyanga ija yaswa awiri, koma khalidwe silinasinthe, ikudyabe zovala pachingwe.

Nkhani yeniyeni ndi ya mnzanu wa dzina, Agnesi. Munamusiya akuphunzira kuyenda, pano ali sitandade 1.

Atangoyamba sukulu, mwanayu anasintha. Chakudya ankangochigwiragwira, mimba ili gwa. Ndikamufunsa ngati wapita kuchimbudzi ankati eya, maso ali pansi. Tsiku lina masana ndinamupeza kuseri kwa khitchini atapingasa miyendo, thukuta lili kamukamu, akulira chamumtima. Apo n'kuti atatha masiku asanu osachita chimbudzi. Amayi, ndinakumbukira kuti nanunso matenda anu anayambira m'mimba.

Azimayi ena pamjigo ankati ndimulowetse kachidutswa ka sopo. Abiti Juma, neba wathu wogulitsa mpunga, anandikokera pambali. "Iyayi, amake Agnesi, sopo ndi wochapira. Pitani naye kuchipatala." Mkamwini wanu anasiya makasitomala ake a kabaza n'kutikweza tonse awiri panjinga.

Anamwino anamugwiragwira pamimba n'kunena kuti palibe chotupa, wangodzimbidwa. Ndinapuma ngati ndatula mtolo wa nkhuni. Anatipatsa mankhwala ofewetsa m'mimba, kenako anayamba mafunso. Amadya chiyani? Ine ndinayankha monyada kuti kwathu ndi ufa woyera basi. Mkamwini wanu anakanda m'mutu n'kuulula kuti m'mawa uliwonse pomuperekeza kusukulu amamugulira mandasi ndi mabisiketi. Ndiye chifukwa chake phala langa ankalikana. Nanga madzi? Botolo limabwerera lodzaza monga lapitira. Pomaliza anamwino anawerama n'kufunsa Agnesi mwini wake. Ndi kamawu kakang'ono anati, "Dzenje la kusukulu ndi lalikulu, ndigweramo." Ndiye ankadzigwira tsiku lonse. Chimbudzi chitauma n'kuyamba kumupweteka, anayamba kuopanso cha kunyumba. Ine mayi wake sindinadziwe kalikonse, ndinkangomukalipira kuti amanyoza chakudya.

Pobwerera ndinali ndi manyazi. Munkandiuza ndikamapeta mphale kuti, "Estere, madeya ukupatsa nkhukuwo ndiwo amatsegula njira." Koma nditakwatiwa kuno ndinayamba kuona mgaiwa ngati chakudya cha osowa.

Sabata yomweyo ndinapita kuchigayo ndi chimanga chosakonola. Agnesi anaiyang'ana nsimayo n'kunena kuti yada, sinasambe. Ndinayamba kusakaniza mgaiwa ndi ufa woyera pang'onopang'ono mpaka anazolowera. Ndiwo za masamba sizisowanso, nkhwani wotendera, bonongwe, therere, tsiku lina nandolo wa kumudzi. M'malo mwa mandasi bambo ake amamutengera papaya kapena mbatata yophika. Iwo omwe ndi amene akulira nalo lamuloli, chifukwa mandasi aja ankadyera limodzi.

Za madzi ndinamanga ulusi wofiira pakati pa botolo, kuti poweruka madzi akhale atatsika kudutsa ulusiwo. Masiku oyamba botolo linkabwera louma, ine n'kumamuyamikira. Kenako aphunzitsi ake anandiuza kuti maluwa a pakhomo pa kalasi akusangalala kwambiri ndi Agnesi. Pano amamwa pamaso pa aphunzitsiwo, ndipo akafuna kupita kuchimbudzi amamulola kupita ndi mnzake womudikira pakhomo.

Mkamwini wanu anapala thabwa, n'kuboola kabowo kakang'ono, n'kuliika pachimbudzi chathu. M'mawa uliwonse akatha phala, Agnesi amakanjuta pamenepo popanda womufulumizitsa, ine ndili panja tikuimba limodzi nyimbo za kwaya yanu. Sizinayende tsiku limodzi. Panali masiku ena ankatuluka akupukusa mutu. Ndinaphunzira kusamukalipira. Paja munkati mwana wamantha ukamukuwira umangowonjezera mantha.

Ndiye Loweruka lina m'mawa a mphakati wathu wa kutchalitchi anasonkhana kwathu kudzapemphera. Anthu akhala pamphasa, akatekisiti ali mkati mowerenga. Agnesi anatulukira kuseri, anasamba m'manja bwinobwino monga ndinamuphunzitsira, n'kudzaima pakati pa anthu.

"Amama, ndachita, ndipo sizinapweteke. Bwerani mudzaone."

Ine ndinkafuna nthaka indimeze. Akatekisiti anavula magalasi, anamuyang'ana, n'kunena kuti, "Zimenezinso n'zoyamika Mulungu, mwanawe." Anthu anaseka mpaka amayi ena kugona pamphasa, ndipo Abiti Juma anasuzumira pampanda kufunsa kuti kwagwanji. Ndinaseka mpaka misozi. Mkati mwa kusekako ndinatembenuka kuti ndikuuzeni, monga ndinkachitira kale, n'kupeza kuti pamene ndayang'anapo pakhala munthu wina.

Kuyambira tsiku limenelo sitinaonenso vuto. Masaya abwerera, amasewera fulaye mpaka kumuitana katatu, ndipo mbale amainyambita. Dzulo anadzudzula bambo ake kuti atha tsiku lonse panjinga osamwa madzi.

Mvula isanayambe tibwera kumudzi kudzaona khanda la achimwene ndi kudzalambula pamanda panu. Ndikulonjeza kuti ndibwera naye Agnesi kuti adzakufotokozereni yekha. Msika wonse wa Ntaja wauuza kale, mwatsala inu nokha.

Ndine mwana wanu wokukondani masiku onse,
Estere