Buku la a Rodion Lafika pa Khosi

Perm, 9 Novembala

Okondedwa Azakhali a Raisa,

Ndikhulupirira mawondo aja akukulolani kuyendako m'chisanu chino. Bowa wouma munatumiza uja tinalandira, zikomo. Pepani zilembo zapotoka, ndikulemba ndi dzanja lamanzere.

Amuna anga a Rodion alemba buku lophunzitsa masewera ogwetsana, ndipo ine ndikulimasulira kuchoka m'Chirasha kupita m'Chingerezi. Chovuta ndi mawu a kasunthidwe ka thupi. Pali liwu la kukoka munthu, lina la kumukhwekhwereza, lina la kumutchera ndale akubwerera m'mbuyo. Ndikafunsa kusiyana kwake, iwo safotokoza. Amangoti, "Imirira, Tasya, izi amamvera m'thupi."

Lachiwiri ndinalemba liwu lotanthauza kugwetsa chabe. Anandigwira m'chiuno m'khitchini momwemo, n'kundimenyetsa pansi mpaka makapu anasweka. "Kumeneko n'kugwetsa kapena kuponya? Dzuka, mayi Chingerezi, ulembe bwino!" Ndinalembadi bwino, magazi a m'kamwa akudonthera papepala. Phewa lamanja linaguluka, koma adokotala analibwezera m'malo mwake. Nditawauza kuti ndinaterereka pamadzi oundana, anangoti amayi ambiri akuterereka chaka chino.

Musadandaule, ntchito ikuyenda. Gawo la miyendo ndi la mikono tamaliza. Kodi kachipinda kanu kosungiramo mbatatesi kaja kadakali kopanda munthu? Ndangofunsa. Yankho mutumize kwa a Zoya oyandikana nafe, osati kuno, ndipo musachedwe. Gawo lotsatira ndi la khosi, tiliyamba Lolemba.

Ndine mwana wanu,
Tasya