Dzanja la a Gerard

Ongar, Dublin

Okondedwa Ababa,

Ndikupatsani moni kuchokera kuno kozizira. Kodi mwendo uja ukukulolani kuyenda tsopano? Ife tili bwino, ngakhale mdzukulu wanu Kimberly anavutika ndi chimfine sabata yonse.

Nkhani yanga ndi ya a Gerard, agogo amene ndimawasamala kuntchito. Anagwira ntchito zaka zambiri m'fakitale ya nsalu m'katauni kena kunja kwa Dublin. Fakitaleyo inatsekedwa kalekale. Pamalopo amangapo nyumba ndi laibulale, ndipo akhonsolo anafuna kuikapo chiboliboli chokumbukira antchito akale. Masiku ano sasema ndi sompho ayi. Amajambula manja a anthu ndi kamakina, kompyuta n'kuwakulitsa, makina ena n'kudula chitsulo motsatira chithunzicho.

Atawapempha kuti awajambule dzanja, poyamba a Gerard anakana, poti makina oluka nsalu anawadula zala ziwiri ali mnyamata. Mmisiri wa chibolibolicho, mayi Aggie, anawauza kuti asadandaule, kompyuta ikhoza kubwezerapo zalazo. Apo mpamene anakwiya. Anati: “Zala zanga zinatsala m'fakitale muja. Mukazibwezera, dzanjalo likhala la yani?” Mayiyo anapepesa, iwo n'kuvomera.

Tsiku lojambula, dzanja lawo linkanjenjemera, chithunzi osatuluka bwino. Ndinawagwira pamkono kuti likhazikike. Mayi Aggie ataona chithunzicho anatipempha tonse awiri kuti chikhale momwemo.

Loweruka tinapita kukaona chiboliboli chija, iwo ali panjinga ya olumala, mvula ikuwaza. Ababa, dzanja langa lili pamenepo, lalikulu ngati chitseko, litachirikiza lawo la zala zitatu. A Gerard anayang'ana nthawi yaitali.

Pobwerera ndinawauza kuti inunso munagwirapo m'fakitale ya nsalu ku Blantyre. Anandifunsa makina amene munkayendetsa. Sindinkawadziwa, ndipo manyazi anandigwira. Chikuchotsereni ntchito muja simunaikambepo, ifenso sitinafunse.

Pempho langa ndi ili: mulole mng'ono wanga Tisungane akujambuleni mawu pafoni mukufotokoza za ntchitoyo, ine ndidzawamasulira kuti a Gerard amve. Chonde musachedwe. A Gerard akufooka, ndipo m'mawa uliwonse amandifunsa ngati mnzawo wa ku Malawi wayankha.

Mundiperekere moni kwa amayi, azakhali a ku Chirimba, alamu anga a Fredson ndi ana onse.

Ndine mwana wanu wokusowani,
Perpetua